Ma Volt 110,000 ndi Chifuwa cha Bambo wa ku Thyolo

Lero nkhani yathu ikutitengera ku Thyolo, kwa anzathu a ku Satemwa, Naming'omba, Makandi ndi minda ina ya tiyi imene inayalidwa ngati mphasa yobiriwira m'mapiri a kumeneko. Chimene chatitengera kumeneko ndi kalata.

Kalatayo yachokera kwa bambo wina amene amagwira ntchito m'fakitale ya tiyi. Dzina lawo sititchula, pakuti nkhani yake ndi ya matenda. Bambowa akhala akutsokomola kwa mwezi wathunthu, ndipo kuchipatala anawauza kuti akajambulitse chifuwa pa makina a X-ray. Ali pa mzere, mphwawo amene anawaperekeza, mnyamata wa Folomu 3, anasuzumira pa makinawo naona nambala 110 yotsatana ndi zilembo kV. Iye anamasulira kwa malume ake kuti amenewo ndi ma volt 110,000. Pomwepo bambowa anakumbukira chikwangwani cha ku fakitale kwawo chochenjeza za ma volt 400, nanyamuka mwakachetechete kubwerera kumudzi osajambulitsa. M'kalata yawo akufunsa kuti, "Ngati ma volt 400 amapha munthu, nanga 110,000 adzandisiya bwanji wamoyo?"

Bambo, funso lanu ndi la nzeru, ndipo mphwanuyo sananame. Ma volt amenewo alimodi m'makinamo. Koma nambala ya ma volt payokha sinena nkhani yonse, monga momwe mtengo wa kilogalamu imodzi sunena ndalama zimene munthu adzalandire pakutha pa mwezi.

Tiyambire pa sikelo pomwepo, popeza aliyense wa ku Thyolo amapadziwa. Mayi wothyola tiyi akafika ndi dengu lake, kalaliki amayang'ana zinthu ziwiri: kulemera kwa masamba, ndi mtengo umene unaikidwa pa kilogalamu iliyonse. Tingoyerekeza kuti mtengowo ndi K50 ndipo mayiyo wathyola makilogalamu 40. Malipiro ake ndi 50 kuchulukitsa ndi 40, ndiye kuti K2,000. Mtengo utakwera kufika pa K5,000, koma iye n'kubweretsa masamba ongodzaza chikhatho, sadzapita kunyumba ndi kanthu kooneka.

Magetsi amawerengedwa chimodzimodzi. M'waya mumayenda tinthu ting'onoting'ono zedi totchedwa ma electron, timene katswiri wa ku England, J.J. Thomson, anatitulukira m'chaka cha 1897. Kalikonse mwa timeneti kamasenza katundu wake wa magetsi, amene timamutcha chaji, liwu lomwe lija mumanena foni ikazima. Chaji imayezedwa ndi muyeso wotchedwa coulomb, ndipo imeneyi ndiyo kilogalamu ya pa sikelo yathu. Tsono volt ndiye mtengo: amatiuza mphamvu imene coulomb iliyonse yapatsidwa. Malipiro enieniwo, ndiye kuti mphamvu yogwira ntchito, amayezedwa ndi ma joule. Lamulo lake ndi lalifupi. Mphamvu ndi ma volt kuchulukitsa ndi chaji. Coulomb imodzi ikadutsa pa volt imodzi imalandira joule imodzi.

Maina atatuwa ndi a anthu. Alessandro Volta wa ku Italy anapanga batire loyamba m'chaka cha 1800. Charles Coulomb wa ku France anayeza kukokana ndi kukankhana kwa zinthu zokhala ndi chaji. James Joule wa ku England anaonetsa kuti kutentha nako ndi mphamvu yoyezeka. Pamene ndinali ku sukulu ya uphunzitsi tinkaloweza mainawa ngati mafumu a dziko lachilendo, ndipo ndivomere kuti ndinadzamvetsa za volt nditaima kale kutsogolo kwa ana, mmodzi wa iwo atandifunsa funso lofanana ndi lanu.

Tiyese lamuloli pa foni imene ili m'thumba mwanu. Pa batire la mafoni ambiri palembedwa ma volt 3.7 ndi nambala ngati 4,000 mAh. Nambala yachiwiriyo ndi chaji, ndipo tikaisandutsa imakwana ma coulomb 14,400. Kuchulukitsa 3.7 ndi 14,400 kutipatsa ma joule oposa pang'ono 53,000. Kodi ndi ochuluka? Kuti madzi ozizira a kapu imodzi ya tiyi afike powira pafunika ma joule ngati 84,000. Choncho batire lodzaza, limene mumayankhulira tsiku lonse, silingathe kuwiritsa kapu imodzi. Yuniti imodzi ya magetsi imene mumagula ku ESCOM ndi ma joule 3,600,000.

Onaninso mbali inayo. M'mwezi wa Okutobala, kunja kutauma, munthu akamavula juzi ya nailoni mumdima amamva kuthetheka, nthawi zina n'kuona timoto. Timoto timeneto timafika ma volt zikwi zingapo, ngakhale 10,000, koma palibe amene anafa nato. Chifukwa chake n'chakuti chaji yake ndi yochepetsetsa, ngati gawo limodzi mwa magawo miliyoni a coulomb, kotero kuti mphamvu yonse sikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a joule imodzi. Mtengo ndi wokwera, koma m'dengu mulibe kanthu. Mphezi ndiyo ili ndi zonse ziwiri: ma volt mamiliyoni ambiri pamodzi ndi ma coulomb angapo, ndipo n'chifukwa chake imang'amba bulugamu kuyambira kunsonga mpaka kutsinde.

Nanga waya wa ku fakitale uja? Ma volt ake ndi 400 okha, ndipo a m'nyumba ndi 230, koma kumbuyo kwake kuli mtsinje wa Shire. Makina a ku Nkula, amene anayamba kugwira ntchito mu 1966, a ku Tedzani a mu 1973 ndi a ku Kapichira a mu 2000 amakankha chaji usana ndi usiku osapumira. Munthu akagwira waya wosakutidwa, makamaka manja ali onyowa, thupi lake limasanduka njira, ndipo chaji imapitirira kudutsamo nthawi yonse imene wagwirayo. Mtima umagunda motsogozedwa ndi timagetsi take take tochepa kwambiri, ndiye chaji yachilendo yochepa chabe, yosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a coulomb pa sekondi, ikhoza kuusokoneza mpaka kuima. Chikwangwani chija muzichiopa ndithu, bambo.

Tsopano tilowe m'chipinda cha X-ray. Chinthu choyamba kudziwa n'chakuti ma volt 110,000 aja sakhudza thupi lanu. Ali m'kati mwa chubu chotsekedwa, chopopedwa mpweya wonse, chimene chimakhala m'bokosi lachitsulo kutali nanu. Palibe waya amene amalumikizidwa pa inu. M'chubumo muli kawaya kotenthetsedwa kamene kamatulutsa ma electron, ndipo ma volt aja amawakoka mwaliwiro kuwaombetsa pa chitsulo cholimba chotchedwa tungsten. Pofika pamenepo amakhala akuthamanga koposa theka la liwiro la kuwala. Akaima mwadzidzidzi, gawo lina la mphamvu yawo limatuluka ngati cheza chosaoneka ndi maso, chimene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anachitulukira mu Novembala 1895. Cheza chimenechi ndicho chimadutsa m'chifuwa n'kukalemba chithunzi.

Tiwerengere pamodzi. Pojambula chifuwa makina amayaka kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, ndipo chaji imene imadutsa m'chubu imakhala ngati 0.003 ya coulomb. Kuchulukitsa 110,000 ndi 0.003 kutipatsa ma joule 330. Mphamvu imeneyi itathiridwa yonse m'kapu ya tiyi ija, madziwo sangatenthe ngakhale ndi digiri imodzi. Mlomo wanu sungamve kusiyana. Ndiponso pa magawo 100 a mphamvuyo, pafupifupi 99 amathera m'chubu momwemo ngati kutentha. Gawo limodzi lotsalalo ndilo limasanduka cheza, ndipo nalonso silonse limene limafika pa munthu.

Wina anena kuti, ngati ndi choncho, bwanji wojambula amakabisala kuseri kwa khoma asanayatse makina? Bwanji amayi amafunsidwa ngati ali oyembekezera? Apa ndi pamene joule imatisiya panjira, ndipo tifunika muyeso wina.

Inu a ku Thyolo mumadziwa chiperoni. Kamvula kake kamawaza masiku awiri kapena atatu, nthaka n'kukhuta madzi, koma tsamba la tiyi silichita kanthu; limangonyezimira. Mumadziwanso matalala. Amagwa mphindi zisanu zokha, ndipo mutawasungunula madzi ake sangafike pa a chiperoni, koma m'mawa mwake mupeza masamba ali zibooziboo, nsonga zitathyoka. Chimene chang'amba tsamba ndi mphamvu ya mwala umodzi umodzi. Kuchuluka kwa madzi onse pamodzi sikunena kanthu za zimenezo. Joule ili ngati kuyeza madzi onse amene agwa m'munda. Kuti tidziwe ngati tsamba ling'ambika tiyenera kuyeza dontho limodzi.

Muyeso wa dontho limodzi ndiwo electron-volt, imene mwachidule imalembedwa eV. Tanthauzo lake lili m'dzina momwemo. Ndi mphamvu imene electron imodzi imalandira ikadutsa pa volt imodzi. Lamulo ndi lomwe lija la pa sikelo, kungoti tsopano m'malo mowerenga makilogalamu tikuwerenga nsonga imodzi imodzi, monga zala za wothyola zimachitira.

Ubwino wa muyesowu ndi wakuti masamu ake ngosavuta kopambana. Electron imodzi ikadutsa m'batire la wailesi la ma volt 1.5 imalandira 1.5 eV. M'batire la galimoto la ma volt 12 imalandira 12 eV. M'chubu cha X-ray cha ma volt 110,000 imalandira 110,000 eV, imene akatswiri amailemba 110 keV, pakuti k amaimira chikwi. Nambala ya ma volt ndi yomweyo ya ma eV, malinga ngati kanthuko kasenza chaji ya electron imodzi. Kakasenza chaji yowirikiza kawiri, monga timibulu totchedwa alpha timene timatuluka m'miyala ya uranium, tichulukitsa ndi 2: pa ma volt 500 kalandira 1,000 eV. Ana a sukulu amene mukumvera, apa ndi pamene ambiri amagwera pa mayeso. Amaiwala kufunsa kuti kanthuko kasenza chaji zingati.

Kusandutsa eV kukhala joule kufuna nambala imodzi yokha, imene ndi chaji ya electron. Robert Millikan wa ku Chicago anayamba kuiyeza mu 1909 poyang'anira timadontho ta mafuta tikuyandama pakati pa mbale ziwiri zachitsulo. Ndi nambala yaing'ono yosatchulika bwino pa wailesi. Lembani ziro ndi kadontho, kenaka maziro 18, ndipo pamapeto pake 16, motere: 0.000 000 000 000 000 000 16 ya coulomb. Popeza mphamvu ndi volt kuchulukitsa ndi chaji, eV imodzi ndi nambala yomweyo m'ma joule. Mukakhala ndi ma eV, chulukitsani ndi nambalayi kuti mupeze ma joule. Mukakhala ndi ma joule, gawani ndi nambalayi kuti mupeze ma eV.

Kuti muone kuchepa kwake, itembenuzeni. M'coulomb imodzi muli ma electron 6,240,000,000,000,000,000. Anthu 20 miliyoni atakhala pansi kuwawerenga, aliyense imodzi pa sekondi, osagona, osadya, angamalize patapita zaka pafupifupi 10,000. N'chifukwa chake wa ESCOM sangakulembereni bilu m'ma eV. Pepala lingathe ndi maziro. Koma kwa munthu wofufuza za atomu imodzi, joule ili ngati kuyeza mchere wa m'ndiwo ndi sikelo ya malole.

Albert Einstein anaonetsa mu 1905 kuti kuwala nako kumabwera m'timadontho, ndipo dontho lililonse lili ndi mphamvu yake. Dontho la kuwala kofiira lili ndi 1.8 eV, la kobiriwira 2.3 eV, la kwa buluu 2.7 eV. Tsamba la tiyi limameza kwambiri kofiira ndi kwa buluu n'kupangira chakudya chake, ndipo kobiriwira kumene limabweza ndiko kumakongoletsa mapiri a Thyolo. Tsono timfundo timene timamanga ma atomu m'thupi la munthu timafuna mphamvu ya pakati pa 3 ndi 5 eV kuti tiduke. Muona kuti kuwala kooneka ndi maso kuli m'munsi mwa malire amenewa. Ndicho chiperoni. Koma dzuwa limatumizanso cheza china chosaoneka cha 4 eV ndi kupitirira, ndipo chimenechi chimaononga khungu. Abale athu achialubino, amene khungu lawo lilibe chotchinga chokwanira, amadwala khansa ya pakhungu chifukwa cha chimenechi, ndipo n'chifukwa chake chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta odzola oteteza ku dzuwa kwa iwo ndi mankhwala enieni.

Mafunde a wailesi amene akukubweretserani mawu angawa ali kutali kwambiri m'munsi. Dontho limodzi la mafunde a FM silikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo miliyoni a eV, ndipo la foni ndi magawo ochepa chabe mwa miliyoni. Timadontho totere sitingadule mfundo ngakhale imodzi.

Cheza cha X-ray ndiwo matalala. Dontho lake silingapose mphamvu ya electron imene yalibala, choncho pa makina oikidwa pa 110 kV lalikulu kwambiri ndi la 110,000 eV, ndipo ochuluka ali cha m'ma 40,000 mpaka 60,000. Mphamvu yotereyi ndiyo imalola chezacho kupyola mnofu ndi mapapo. Fupa limatchinga kochulukirapo, ndiye limaoneka loyera pa chithunzi. Wojambula akamatembenuza nambala ya kV amakhala akusankha kukula kwa matalala: yotsika pojambula dzanja, yokwera pojambula chifuwa. Koma dontho limodzi likaima m'thupi likhoza kugwedeza ma atomu oposa 1,000. Thupi limadziwa kukonza zoonongeka zotere, pakuti tsiku lililonse timalandira cheza cha mtundu womwewu kuchokera m'nthaka, m'miyala ndi kumwamba. Chithunzi chimodzi cha chifuwa chimafanana ndi cheza chachilengedwe chimene munthu amalandira pa masiku owerengeka chabe akungokhala pakhomo pake. Wojambula amabisala chifukwa iye amayatsa makinawo kambirimbiri tsiku lililonse, chaka ndi chaka. Mayi woyembekezera amafunsidwa chifukwa mwana amene akuumbika m'mimba ndi wanthete kuposa wamkulu, ndipo adokotala afuna kudziwa kuti aone ngati kujambulako n'kofunika ndiponso kuti amuteteze.

Ndisanabwerere kwa bambo athu, ndiloleni ndipatuke pang'ono, pakuti muyeso umenewu umaonetsa chinthu china chodabwitsa. Mafakitale a tiyi amaumitsa masamba ndi moto wa nkhuni za bulugamu. M'ng'anjo imeneyo atomu imodzi ya kaboni ikapsa imapereka 4 eV. Ku Karonga kuli mgodi wa Kayelekera, umene unatsegulidwa mu 2009 kukumba uranium. Atomu imodzi ya uranium ikang'ambika pakati imapereka 200,000,000 eV, kuwirikiza ka 50 miliyoni. Nambala ziwiri zimenezi, 4 ndi 200,000,000, zimafotokoza bwino kuposa buku lonse chifukwa chimene maiko amalimbirana mwala umenewu. Ndipo pafupi ndi mzinda wa Geneva pali makina a bungwe la CERN, ozungulira makilomita 27 pansi pa nthaka, amene mu 2022 anafikitsa kanthu kamodzi kotchedwa proton pa 6,800,000,000,000 eV. Nambala yoopsa kuimva, koma mukaichulukitsa ndi maziro 18 aja mupeza kuti ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a joule, mphamvu ya udzudzu wowerengeka ukuuluka. Chodabwitsa n'chakuti yonseyo yaunjikidwa pa kanthu kamodzi kochepa kuposa atomu.

Tsono bambo a ku Thyolo, nazi zimene zidzachitike mukabwerera. Adzakuuzani kuti muvule malaya ndi chilichonse chachitsulo cha m'khosi, muime chifuwa chitagunda bolodi, mukoke mpweya n'kuugwira. Mudzamva kaphokoso, basi zatha. Simudzamva kutentha kapena kugwedezeka, pakuti ma volt 110,000 aja adzakhala atagwira ntchito yawo m'chubu n'kuthera momwemo. Mwina adzakupemphaninso makhololo kuti akayeze. Kutsokomola kopitirira milungu iwiri kuyenera kuyezedwa, chifukwa chikakhala chifuwa chachikulu, chimadya mapapo pang'onopang'ono ndipo chimafalikira kwa amene mumagona nawo nyumba imodzi. Mankhwala ake amamwedwa miyezi 6 ndipo m'zipatala za boma salipiritsa.

Mphwanuyo mupite nayenso. Akasuzumire pa makinawo kachiwiri, koma ulendo uno ayang'ane nambala ziwiri: ya kV ndi inzake yolembedwa mAs. Yachiwiriyo ndiyo chaji, ndipo mAs imodzi ndi 0.001 ya coulomb. Azichulukitse, ndipo atilembere kalata kutiuza ma joule amene wapeza.